Bedi la kwa Nance Purvis

Ealing, London
8 Okutobala 1933

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu ndi wa Ababa. Kodi chifuwa chija chikuwalola kugona? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja ang'ambika ndi soda wochapira. Pepani ndachedwa kulemba. Ndimafuna ndiyambe ndazolowera kuti ndisakutumizireni madandaulo okhaokha.

Nyumba ndi ya a Lovell, loya. Ndimagona m'kachipinda ka pamwamba ndi wantchito mnzanga Queenie, wa konkuno, wapakamwa kwambiri. Wandipatsa dzina loti Namalasha, akuti ndimayankhula ngati ndameza khala. Ntchito yanga ndi kukolopa, kukoleza moto m'zipinda ndi kutsuka mbale. Sindinaswepo kanthu.

M'phukusili muli masokosi a Ababa. Pisani dzanja mpaka kuchala, mupeza pepala la mashileni khumi. Sindinatumize papositi chifukwa mayi wa papositi paja sasunga pakamwa, ndipo wofufuza uja wa ku ofesi ya chithandizo, amene Ababa amati a Suzumire, akangomva kuti ndimatumiza kanthu adula pa ndalama ya ulova ya Ababa. Akakufunsani muziti Ina salandira yokwanira ngakhale sitampa. Mulungu atikhululukire bodza limeneli.

Pali nkhani imene sindinakuuzeni, chifukwa nanenso ndinaimva sitima ili pafupi kunyamuka. A Wilf Teasdale atanditula bokosi pasiteshoni anati, "Ina, ndikusamuka kwathu."

Ndinati, "Mukupita kuti?"

"Pafupi pomwepa. Ofesi yawerengera malipiro anga a kusitolo ngati ndalama ya pakhomo, ndiye mdala amudula mpaka watsala ndi ya fodya. Akuti mwana wapantchito adyetse makolo ake. Ndikachoka pakhomo amubwezera yonse."

"Nanga muzikagona kuti?"

"Kwa Nance Purvis. Papepala pokha, iwe, usatuluke maso. Kudya ndizidya kwa amayi, kugona ndizilowera khomo la kuseri. Tikwatirana monga tinanenera."

Ndinangoti chabwino. Mukudziwa kuti mawu amandithawa pamene ndikuwafuna.

Ndikudziwa kuti anyamata ambiri mumdadada mwathu akuchita zomwezo. Ndiponso mayi Purvis ndi munthu wa tchalitchi, chimwalirire amuna awo mumgodi sanamvekepo mbiri. Kungoti ndikadakonda kukadakhala kwa agogo Dodds, amene nawonso ali ndi chipinda chopanda munthu. Kodi a Nance ali ndi zaka zingati kwenikweni? Ine ndimayesa anapitirira makumi atatu, koma mwina ndikulakwitsa.

Wotchi ya pakhoma musaigulitse ngakhale a Suzumire atalamula. Nenani kuti ndi yanga, anandisiyira agogo, pakuti ndi zoona. Makobiri aja, mapeni olipira kwa dokotala sabata ndi sabata, musadumphitse.

Ndine mwana wanu,
Ina


19 Novembala 1933

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wa Lamulungu masana, nthawi yokhayo imene ndimakhala pansi. Ndakondwa kumva kuti Ababa akutsokomola mochepa. Ine ndinadwala chimfine koma chatha.

Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza kuti ndisamve molakwika. Mwati a Suzumire anafika kwa a Teasdale kusanache bwino, anapisa dzanja m'bedi la a Wilf kuona ngati ndi lofunda, n'kuwerenga makapu patebulo. Mwati anapeza bedi lofunda, anawachenjeza kuti ulendo wina ndi kukhoti. Ndiye tsopano a Wilf akugonadi kwa a Nance, kudyanso komweko. M'kalata yawo sanandiuze zimenezi. Anandilembera za kavalo wa ngolo ya sitolo, kuti watupa bondo.

Amayi, nyumba za mdadada uja n'zofanana ndi yathu. Chipinda chimodzi pansi, ziwiri pamwamba, khoma lake lopyapyala loti munthu akatembenuka mbali inayo umamva. Ana awiri a Nance aja akugona kuti? Kapena a Wilf ali pabenchi kukhitchini? Musafunse anthu. Mungoona ndi maso mukamadutsa.

Mwatinso salipira lendi, chifukwa a Nance akalandira ndalama ya mlendo ofesi iwadula kachithandizo ka ana kaja. Ndiye m'malo mwake amawasenzera malasha, kuwalimira dimba ndi kukhoma nsapato za ana. Ndamva. Koma zimenezo si ntchito za mlendo. Ababa amachita zomwezo kwathu, ndipo Ababa si mlendo.

Ndinalakwitsa kumuuza Queenie tikupukuta masupuni. Anati, "Wamasiyeyo ndi wooneka bwanji?"

Ndinati, "Wabwinobwino."

"Mano ali nawo?"

"Onse."

"Aa, ndiye walira, Namalasha! Wamasiye wa mano onse, kabuku ka penshoni m'thumba, moto woyaka m'nyumba? Ngakhale ine ndingamukwatire."

Mayi Gadd, amene amaphika kuno, anamuponyera chopukutira mbale nati, "Siya mwana wa eni, iwe kamwa ngati chitseko cha sitolo." Onse anaseka. Ine ndinapukuta supuni yomweyo mpaka inatentha.

Koma za kabukuko n'zoona. Sabata iliyonse a Nance amapita kupositi, kudinditsa, kulandira penshoni ya umasiye osagwadira munthu. Amakhala kwawo, pamoto pawo, ana awo ali pafupi. Ine boma linandiphunzitsa kupinda nsalu za patebulo n'kundikweza sitima. Ndikudziwa kuti ndalamayo ndi ya magazi a bambo Purvis, ndipo kuisirira ndi tchimo. Ndalemba kale, ndipo sindikonda kufufuta pakalata.

Mazira kuno akwera mtengo moti mayi Gadd amawatsekera. Ulendo uno yang'anani m'kati mwa paketi ya tiyi. Mugule mafuta opaka pachifuwa pa Ababa, chotsalacho mudzigulire nokha ubweya wolukira, osati kugulira wina aliyense.

Mwana wanu,
Ina


7 Januwale 1934

Okondedwa Amayi,

Chaka chabwino kwa inu ndi Ababa. Ndikhulupirira kuzizira kumeneku sikunakulowetseni m'bedi. Ine ndili bwino. Khirisimasi tinagwira ntchito kuposa masiku onse. A dona anandipatsa nsalu yakuda yosokera yunifolomu ina, ndinathokoza.

Zikomo chifukwa cha keke. Inafika yophwanyika koma ndinadya ndi nyenyeswa zomwe.

Simunandiuze amene anayamba kulowa m'nyumba mwathu pa chaka chatsopano. Chaka chatha anali a Wilf, ndi tsitsi lawo lakuda lija, atanyamula khala la malasha kuti atibweretsere mwayi, ndipo Ababa anawathirira kakapu, inu n'kuwapsompsona patsaya monga mwa mwambo. Chaka chino anayambira nyumba iti? Ndikufunsa chifukwa woyamba kulowa amapsompsonedwa ndi mayi wa m'nyumbamo. Ndi mwambo chabe, ndikudziwa.

Mwandiuza kuti kutchalitchi anabwera atavala jekete lalitali la malemu bambo Purvis, ndipo mwati lawakwana ngati linasokedwera iwo. Amayi, mwina simunaganize kuti zindipweteka. Nanga mpango wa m'khosi umene ndinawalukira, wobiriwira uja, anavala? Simunanene. Kuluka kwake kunanditengera miyezi iwiri, ndipo ndinamasula kawiri chifukwa m'mphepete simunkawongoka.

Lachisanu ndikupereka supu patebulo, a Lovell ankauza alendo awo za m'nyuzipepala. Anati, "Anthu a kumigodi aja tikuwalera ndi misonkho yathu. Mukawapatsa ndalama yaulere sadzukanso. Kufufuza m'nyumba kuja n'kofunika, apo ayi mwana amalandira malipiro, bambo akulandira za boma, onse patebulo limodzi."

A dona anati, "Komatu Ina ndi wa komweko, ndipo ndi wolimbikira."

"N'chifukwa chake ali kuno. Olimbikira amachokako."

Ndinaika mbale bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe. Ndinkafuna kunena kuti bambo ndi mwana kudyera tebulo limodzi kale tinkati ndi banja. Ndinanena kukhitchini, kwa mapoto.

Ndikumva kuti anthu akukonzanso ulendo wa pansi wobwera ku London kudzadandaula. Ababa asayerekeze ndi chifuwa chimenechi.

Mukawaona amayi awo a Wilf muwapatse moni wanga mokweza, pena pali anthu, kuti mdadada usaiwale kuti mpongozi wa nyumba imeneyo ndi ndani.

Ine wanu,
Ina


18 Malichi 1934

Okondedwa Amayi,

Ndikupemphera kuti kalatayi ikupezeni muli amphamvu. Mawondo anga akutupa pang'ono, mayi Gadd akuti ndi matenda a okolopa onse, si nkhani.

Ndakhala ndikuganiza njira, ndipo ndikuuzeni zonse kuti musati sindinayese. Ndinafunsa ngati a Wilf angakhale kwathu, m'bedi langa lopanda munthulo. Mwayankha kuti akatero malipiro awo awerengeredwa pa Ababa, ndipo ndamvetsa. Ndinawalembera za agogo Dodds. Anati chipinda chake chimadontha, ndiponso n'chipongwe kusamuka kwa munthu amene sanakulakwire. Kenako mayi Gadd anandipezera mwayi. Kampani ya mkaka ya kuno ikufuna munthu wodziwa akavalo, malipiro oposa a kusitolo. Tikadapeza kachipinda, tikadakwatirana chilimwe chomwechi. Ndinalemba kalata imeneyo ndi mtima wonse.

Yankho lafika Lachinayi. Akuti sangasiye makolo, chifukwa ndiwo amawapititsira kenakake mobisa. Zimenezo sindikutsutsa. Koma anapitiriza kuti Jean, kamtsikana ka a Nance, kanabanika ndi chifuwa, anakanyamula pamsana kuthamangira kwa dokotala, ndipo poti a Nance analephera kupitiriza mapeni a kwa dokotala, iwo analipira kuchokera m'chitini mwathu. Amayi, chitini chimenecho n'cha tebulo ndi mipando ya nyumba yathu. Ndinaponyamo nane ndisanachoke.

Mwana ndi mwana, sindikukana. Ndikadakhala pomwepo ndikadatsegula chitinicho ndekha. Koma akadandifunsa, ngakhale pambuyo pake. Alemba ngati munthu wonena za nyumba yake.

Queenie akuti ndipite ndikawakoke khutu a Wilf. Akuti, "Mwamuna ali ngati mphaka, Namalasha, kwawo ndi kumene kuli mbale." Ine ndinangopitiriza kukolopa.

A dona andilola kubwera pa Pentekoste, kuchoka Loweruka kubwerera Lachitatu. Pali tikiti yotsika mtengo ya tchuthi. Mwezi uno ndi wamawa nditumiza zochepa kuti ndikwanitse, mundikhululukire. Musawauze a Wilf tsiku lenileni. Ndikufuna ndikaone zinthu monga zimakhalira tsiku lililonse.

Mwana wanu,
Ina


27 Meyi 1934

Okondedwa Amayi,

Ndinafika bwino, ngakhale simunafunse. Ndikhulupirira inu ndi Ababa muli bwino. Simunandiperekeze kusiteshoni, ndipo m'sitima monse ndinali ndi mawu anu m'khutu, akuti mumdadada mwathu munthu sauza ofesi ngakhale dzina la galu wa mnansi. Inu munamva mathero okha. Ndiloleni ndilembe zonse mwadongosolo, kenako muweruze.

Lolemba masana ndinapita kwa a Nance. Chitseko chinali chotsegula. A Wilf anali pampando waukulu wa pamoto, atavala nsapato za m'nyumba za malemu, Jean ali pamwendo akumumangira riboni. Ndinaima pakhomo.

A Nance anandiona ali ndi ufa m'manja. "Ee, Ina wathu! Lowa, mwana iwe, usaime pakhomo ngati a Suzumire. Taonani chipewa cha ku London! Wilf, dzuka apo, mpatse mpando mkazi wako."

A Wilf anaimirira nati, "Wanenepa, Ina."

"Wanenepa pati? Mwamuna wopanda maso uyu. Mwana watha ngati mpini wa tsache. Khala pansi udye."

Anathira tiyi. Ine ndinatenga supuni kuti ndiwathirire shuga a Wilf, masupuni awiri monga kale. A Nance anagwira dzanja langa. "Ayi, anasiya ameneyo, dzino limamuvuta. Sanakuuze?" Sanandiuze.

Kenako anati, "Umutenge msanga, chonde, wandithera buledi. Amadya kuposa kavalo wake."

A Wilf anati, "Kavalo akadalawa tiyi wanuyu akadasiya ntchito. Ndi madzi otsukira ketulo."

"Ukamwe kwa amako, tione ngati a Suzumire sakuwerenga ndi kapu yomwe!"

Anaseka onse, ndi ana omwe. Amayi, kunali kuseka kwa anthu amene amaseka choncho tsiku lililonse. A Wilf ndi ine sitinasekepo motero. Ndi ine amayenda mwaulemu, atagwira chipewa. A Nance akadandinyoza ndikadapepukidwa, koma anandikulungira buledi wotentha kuti ndikupatseni.

Pondiperekeza a Wilf anati tidikire chaka china, mwina mgodi utsegulidwa, mdala wawo abwerera pantchito. Ndinafunsa kuti amagona pati. Anati, "Ina, usayambe."

Tsopano za Lachiwiri m'mawa. A Suzumire atagogoda, inu munatulukira kuseri kukabisa nyama ya nkhumba ija m'kanyumba ka malasha, Ababa anali kudimba. Ndinatsala ndekha. Anandifunsa ngati ndimatumiza ndalama, ndinakana monga tinapanganira. Kenako anamwetulira nati, "Ndinu amene muli pa ubwenzi ndi mnyamata wa a Teasdale, eti? Wokhala kwa mayi Purvis uja? Amalipira zingati kumeneko?"

Ndinati, "Salipira."

"Chaulere? Mlendo wamwayi ameneyo."

Ndinati, "Si mlendo."

"Nanga ndi ndani, mayi?"

Ndinati, "Amakhala pampando wa malemu, amavala jekete la malemu, amadula buledi patebulo, amalipira dokotala wa ana. Kafunseni nokha kuti ndi ndani."

Apo ndi pamene munalowa, iwo akutsegula cholembera. Mawu anga ndi omwewo, sindinawonjezere kapena kuchotsa. Sindinatchule za bedi. Palibe bodza ngakhale limodzi. Chifukwa cha inu ndanamiza ofesi miyezi yonseyi ndipo simunandidzudzule, lero ndanena zoona ndiye mwandikana.

Musade nkhawa mopitirira. Chimene angachite n'kuwauza a Wilf kuti asamuke pamenepo. Apita kwa agogo Dodds, denga akonza okha, a Nance atsala ndi kabuku kawo monga analili kale. Palibe amene ataye kanthu kake. Ine ndikungofuna changa.

Ndilembereni, Amayi, ngakhale mizere iwiri.

Ndidakali mwana wanu,
Ina


15 Julayi 1934

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu. Muwathokoze Ababa chifukwa cha kalata yawo ya pensulo, ndikudziwa mmene kulemba kumawavutira. Akuti muli bwino koma simukufuna kugwira cholembera. Ine ndikudya pang'ono, kunja kwatentha.

Amayi, sindinkadziwa. Ababa akuti kabuku ka penshoni ka a Nance a ku ofesi analanda, akuti akukhala ndi mwamuna ngati banja, ndipo wamasiye wotere salandiranso. Akuti ndi kachithandizo ka ana komwe anaimitsa, poti m'nyumbamo muli wapantchito. Ine lamulo limeneli sindinalimvepo. Kusukulu sanatiphunzitse.

Nditamuuza Queenie anaika ndowa pansi. Anati, "Aliyense amadziwa zimenezo! Azakhali anga amasiye amabisa ndi chipewa cha wokonza mapaipi chomwe akamva kugogoda. Iwe unakamuuza wofufuza kuti si mlendo? Ndi pakamwa pako?" Ndinati ndi iye amene anandiuza kuti ndikamukoke khutu. Anati, "Khutu la mwamuna wako, osati mbale ya ana a eni." Chiyambire tsiku limenelo sanditchulanso Namalasha. Amangoti Ina.

Ndinalembera ku ofesi kuti ndinayankhula mokwiya, kuti zimene ndinaona ndi mpando ndi jekete basi. Ndinailemba ndi kuilembanso mpaka inakhala yopanda cholakwika. Andiyankha ndi kapepala kodinda kuti nkhaniyo ikuunikidwa.

Ababa akuti a Wilf anasamukiradi kwa agogo Dodds, koma ofesi inati dandaulo la a Nance lidikire mpaka akuluakulu adzakhale pansi, mwina m'dzinja, ndipo pakali pano ana akhoza kuwatengera kunyumba ya boma ya ana osowa. Ndiye a Wilf atamva anabwerera kwa a Nance ndi bokosi lawo masanasana, anthu akuona. Akutinso kutchalitchi amayi ena achoka pabenchi ya a Nance.

Za anawo zikundisowetsa tulo. Koma ndifunse chimodzi, musakwiye. Anabwereranji? Sakadatha kumapereka ndalama ali kwa agogo Dodds? Ababa akuti malipiro amodzi sangakoleze moto m'nyumba ziwiri. Mwina. Koma kwa ine sanathamangepo choncho ndi bokosi pamutu. Ine anandiuza kuti ndidikire mgodi.

A Wilf sanandilembere chichokere ine kumeneko. Kodi akudziwa kuti ndine? Inu simunganene, ndikudziwa, koma a Suzumire sindikuwadziwa mtima.

M'kalatamu muli pepala la mashileni khumi, ndaika poyera chifukwa ndatopa ndi kubisa. Mugule buledi ndi mkaka mukasiye kwa a Nance. Musanene kumene zachokera. Ndipo ngati n'kotheka mupereke m'manja mwa anawo, osati mwa mayi wawo.

Mwana wanu,
Ina


9 Seputembala 1934

Okondedwa Amayi,

Zikomo kuti mwayambanso kundilembera. Ndamva kuti nyamakazi yakugwirani m'manja, muziwaviika m'madzi ofunda. Ine ndikugwira ntchito monga mwa masiku onse.

Simunafune kundiuza, koma a Wilf alemba okha. Kalata yafika Lachinayi. Ndikukoperani monga iliri.

"Ina, Loweruka ndikukwatira Nance. Abusa akuti dzina lake silingayerenso mwa njira ina, ndipo ana sapita kunyumba ya boma ine ndili moyo. Unandifunsa kuti ndimagona pati. Ndinkagona pabenchi kukhitchini, miyendo ikulendewera, kuyambira tsiku loyamba mpaka lero. Sindinakuyankhe chifukwa funsolo linandinyoza. Ofesi inatikwatitsa kale, abusa angomaliza. Sindikufunsa amene ananena. Gawo lako la m'chitini ndapereka kwa amayi ako. Khala bwino. Wilf."

Ndiye ukwati unali dzulo. Nthawi imeneyo ndinali kutsuka masitepe a pakhomo. Ndinatsuka bwino, a dona anayamikira.

Ndalama ya m'chitiniyo mugulire malasha a dzinja. Sindikuifuna. Pa Khirisimasi sindibwera, ndauza kale a dona kuti Queenie ndiye apite kwawo.

Ndikudziwa zimene mdadada ukunena za ine, ndipo sindikupempha kuti munditeteze. Ndikudziwanso kuti a Nance penshoni ija sadzaionanso, ndiponso kuti makolo a a Wilf sazilandiranso kanthu mobisa. Zonsezo ndaziwerenga ndekha. Koma pali chimodzi chimene sindingachione ndili kuno, ndipo ndi chimene chikundidya.

Tchalitchi chayang'anana ndi zenera lathu. Ngakhale simunalowe, munawaona potuluka. Amayi, nkhope ya a Wilf inali yotani? Ngati inali yakugwa, ngati ya munthu wosenza katundu amene sanamusankhe, mundiuze mwatchutchutchu. Ndidzalira, koma ndidzadziwa kuti anali wanga ndipo ndinamutaya ndekha. Koma ngati ankaseka, kuseka kuja kwa kukhitchini, musandiuze. Mungondilembera za mvula, ine ndimva.

Simunandinamizepo. Musayambe tsopano chifukwa cha chisoni.

Mwana wanu,
Ina


30 Seputembala 1934

Okondedwa Amayi,

Ndili bwino. Moni kwa Ababa.

Kalata yanu ndalandira. Ndi manja opwetekawo mwadzaza pepala mbali zonse ziwiri, za madzi olowa pansi pa chitseko, za zovala zosauma, za dimba la Ababa losefukira. Ndawerenga mpaka pansi, ndatembenuza, ndayang'ana ndi m'envulopu momwe.

Zikomo pondiuza za mvula. Kunonso ikugwa.

Ina